Tebulo litatsala anthu anayi: mmene poker ya pa foni inandidyera mbuzi

Ndimakonza mafoni pa Ngabu, m'boma la Chikwawa. Kashopu kanga n'kamalata, chapafupi ndi msewu wa M1 wopita ku Bangula ndi Nsanje, ndipo Okutobala akafika mumatentha moti ngakhale zitsulo zogwirira ntchito zimaotcha m'manja. Masiku ano anyamata ena akabwera kudzatchajitsa mafoni amandionetsa matebulo a poker amene ayamba kusewera pa intaneti. Ndikayang'ana kaseweredwe kawo mtima umandipweteka, chifukwa ndimaona njira yomwe ine ndinayenda mu 2023. Ndalama ndinataya kawiri, poyamba chifukwa chodikira mopitirira, kenako chifukwa chothamanga mopitirira, ndipo maulendo onse awiri gwero lake linali limodzi: sindinkadziwa kuti tebulo likachepa anthu, masewerawo amakhala asintha ngakhale makadi ali omwewo.

Anandiphunzitsa ndi msuweni wanga amene anabwera kuchokera ku Johannesburg mu Juni chaka chimenecho, patapita miyezi itatu chichitikireni namondwe wa Freddy. Bizinesi inali yozizira. Anthu ambiri anali asanadzuke ku zimene madzi anawachita, ndipo kukonzetsa foni sikunali m'maganizo mwawo. Nthawi yongokhala ndinali nayo yambiri. Iye anati, "Asuweni, izi n'zosiyana ndi kubetcha mpira kumene mumangodikira mwayi. Apa mumalimbana ndi anthu anzanu, ndipo wodekha ndi amene amadya." Popeza pa bawo ndimadziwika pamsika pano, ndinaona ngati nkhani yake ndi yomweyo.

Kwa amene sanasewerepo, mtundu umene tinkasewera ndi Texas Hold'em. Makadi alipo 52. Aliyense amalandira awiri obisika, kenako pakati pamayalidwa asanu oti onse agwiritse ntchito: atatu oyamba amati flop, lachinayi turn, lomaliza river. Makadi asanagawidwe, anthu awiri amaika ndalama mokakamizidwa mumphika, kutanthauza ndalama zapakati zimene onse akulimbirana, wina blind yaing'ono, wina blind yaikulu, yomwe nthawi zambiri imakhala kuwirikiza kawiri yaing'onoyo. Udindo umenewu umazungulira tebulo. Palinso kachizindikiro kotchedwa batani, ndipo amene kali pa iye ndiye amalankhula pomaliza flop ikayalidwa, ataona zimene ena onse achita.

Msuweni anandipatsa lamulo limodzi. Sewerani makadi akuluakulu okha, monga A-A, K-K, Q-Q, J-J, 10-10, A-K ndi A-Q, ena onse muzitaya. Ndinamupatsa K25,000, iye n'kundiikira madola 20, ndipo ndinayamba pa matebulo a anthu 9 pomwe blind inali senti imodzi ndi masenti awiri. Lamulo lija linagwira ntchito. Pa tebulo la anthu 9 pamakhala wina amene akuyabwidwa m'manja, ndipo ukapeza makadi abwino amakulipira. Patatha masabata asanu madola 20 aja anali 34. Ndinadziona ngati ndadziwa.

Mu Ogasiti ndinakwera n'kupita pa masenti 5 ndi 10, pomwe umakhala pansi ndi madola 10. Apa ndinapeza kuti matebulo a anthu 9 ndi osowa, ambiri anali a mipando 6. Sindinaganizepo kanthu. Komanso nthawi yanga yosewera inali usiku, ndikatseka shopu, ana atagona. Kuyambira cha m'ma 10 koloko ndinkagona pamphasa pakhonde m'kati mwa neti, foni ili m'manja, mpaka cha m'ma 2. Usiku ukamapita anthu ankanyamuka mmodzimmodzi. Tebulo la 6 linkatsala 4, mwina 3, ine ndili pomwepo ndi lamulo langa la makadi akuluakulu.

Ndalama sinkachoka ndi phokoso ayi. Inkangotha pang'onopang'ono ngati madzi a m'chidebe chobooka. Sindinkaluza mphika waukulu, koma ndikamadzagona ndinkapeza madola 3 kapena 4 palibe. Ndinkati ndi tsoka, makadi sakubwera. Zoona zake, zimene ndinadzawerengera patapita miyezi, n'zakuti blind ili ngati chiphaso cha pamsika, umadula kaya wagulitsa kaya sunagulitse. Kuzungulira kamodzi umalipira blind yaikulu imodzi ndi theka. Pa anthu 9 umalipira zimenezi kamodzi pa magemu 9 alionse. Pa anthu 6 ndi kamodzi pa magemu 6. Pa anthu atatu, magemu awiri pa atatu alionse iwe waikamo ndalama usanaone khadi. Ndiyeno anthu akachepa magemu amathamanga. Pa tebulo la 6 ndinkasewera magemu pafupifupi 80 pa ola, kutanthauza kuti mablind aakulu 20 pa ola ankachoka ngati ndingokhala osalimbana. Pa masenti 10 amenewo ndi madola awiri. Pa anthu atatu, magemu 100 amadya mablind 50, theka la ndalama yonse imene wakhala nayo pansi.

Ndipo makadi amene ndinkawadikirawo sabwera chifukwa choti anthu achepa. A-A imabwera kamodzi pa magemu 221. Makadi awiri ofanana alionse, ngakhale 2-2, amabwera kamodzi pa magemu 17. Ukhale pa tebulo la anthu 9 kapena la awiri, nambala zimenezi sizisuntha.

Usiku wina wa mu Okutobala sindiuiwala. Tinatsala anayi. Ndinakhala pafupifupi maola awiri ndikungotaya makadi, thukuta lili kamukamu, udzudzu ukulira kunja kwa neti. Kenako A-A inabwera. Mtima unagunda, ndinadzuka n'kukhala tsonga, ndinakweza ndalama yobetcha. Onse atatu anataya makadi nthawi yomweyo, ngati anachita kupangana. Ndinadya masenti 15. Ankandidziwa kale. Munthu amene wakhala chete maola awiri akangotsokomola, aliyense amadziwa chimene wanyamula. Pa tebulo la anthu ambiri umatha kubisala m'gulu, koma pa anayi uli ngati wogulitsa mbuzi amene watsala yekha msika ukutha, ogula onse akudziwa kuti ukufuna kubwerera ndi ndalama.

Usiku womwewo munthu amene anali pa batani ankakweza nthawi iliyonse ine ndikakhala pa blind yaikulu. Kachisanu ndi chimodzi ndinali ndi A-9, ndinataya monga mwa lamulo. Iye anandionetsa dala makadi ake: 7-4. Nkhope inandiyaka ndi manyazi ndili ndekha mumdima.

Ndikanadziwa nthawi imeneyo zimene ndikudziwa pano, A-9 ija sindikanaitaya. Ukakhala ndi A imodzi, m'makadi 50 otsalawo mwatsala ma A atatu. Pa tebulo la anthu 9, mwayi woti wina mwa anzako asanu ndi atatu alinso ndi A ndi pafupifupi 70 pa 100, ndipo kawirikawiri khadi lake lachiwiri limaposa lako, n'chifukwa chake A-9 ndi msampha pamenepo. Pa anthu 6 mwayi umenewu umatsika kufika pafupifupi theka. Pa anthu atatu ndi 23 pa 100. Mukatsala awiri ndi 12 pa 100 basi. Makadi omwewo amene ali zinyalala pagulu, pa anthu ochepa amakhala akulu a mudzi.

Pofika kumapeto kwa Okutobala ndinali nditaonjezera ndalama katatu, ndipo madola 60 anali atapita. Ndinamudandaulira msuweni pa WhatsApp, atabwerera kale ku Joni. Anaseka n'kuti, "Asuweni, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lamulo lija linali la tebulo lodzadza. Anthu akachepa muzimenya, musamawalole akuberani mablind." Ananena zoona, koma ine ndinamva theka lokha. Ndinamva kuti muzimenya. Zoti umenya uli mpando uti, ndi makadi ati, kulimbana ndi ndani, sindinafunse, ndipo iye sananene.

Apa m'pamene mavuto enieni anayambira. Ndinayamba kulowa pafupifupi gemu iliyonse. K-7, Q-5, J-4, chilichonse chokhala ndi chithunzi ndinkachiona ngati chuma. Masiku atatu oyamba zinayenda, ndinabweza madola 22, ndipo ndinati ndapeza mankhwala ake. Kunena zoona anthu anali asanazolowere kusintha kwanga, komanso makadi anangondikomera. Masiku atatu sakuuza chilichonse pa masewera amenewa, ngakhale mwezi. Akuluakulu kuno kuchigwa amati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Ine ndinati ndadala madzi ali m'chiuno.

Mu Novembala kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100, dola imodzi n'kufika pafupifupi K1,700 kubanki. Munthu wanzeru akanaona kuti dola iliyonse imene akuluza tsopano yakwera mtengo, n'kubwerera m'mbuyo. Ine ndinaganiza mozondoka. Ndinati ndikawina madola, makwacha ake achuluka. Ndinakwera n'kupita pa masenti 10 ndi 25, pomwe umakhala pansi ndi madola 25, ndili ndi madola 50 okha mu akaunti. Ndiye kuti ndinali ndi zokhalira pansi ziwiri zokha.

Gemu imene inandithyola msana inali ya anthu anayi. Wa pa batani anakweza, ine ndili pa blind yaing'ono ndi K-7 ya mitundu yosiyana. Ndinalipira. Flop inabwera K-9-3. Ndinasangalala kuti ndili ndi ma K awiri. Popeza ndinali woyamba kulankhula, ndinadutsitsa osabetcha, iye anabetcha, ndinalipira. Turn inabwera 2, anabetchanso yokulirapo, ndinalipira. River inabwera 8, anaika zonse. Chala chinanjenjemera pamwamba pa sikirini. Mumtima ndinkamva mawu a msuweni oti asakuberani, ndinkaonanso 7-4 ija. Ndinalipira. Anali ndi A-K. Madola 25 anapita m'mphindi ziwiri, ndalama imene ndimaipeza ndikasintha masikirini masiku angapo.

Cholakwa sichinali pa river. Chinali pachiyambi penipeni. K-7 pa blind yaing'ono ndi makadi oti ukagwira K sudziwa ngati uli patsogolo, ndipo pa flop, pa turn ndi pa river pomwe, iwe ndiwe woyamba kulankhula. Mnzako amaona zimene wachita kenako n'kusankha. Zili ngati kutsutsana mtengo wa ng'ombe iwe n'kumatchula mtengo wako poyamba nthawi zonse. Komanso munthu ameneyu sanali wa 7-4 uja. Anali atakhala ola lonse osabetcha katatu kotsatizana ngakhale kamodzi. Ndikanakhala ndikuyang'ana anthu m'malo moyang'ana makadi anga okha, ndikanadziwa.

Kuchokera pamenepo ndinasiya kusewera, ndinayamba kuthamangitsa ndalama. Ndikaluza ndinkaonjezera nthawi yomweyo. Ndinayamba kukonda matebulo a anthu atatu chifukwa magemu ankafulumira, ndimati ndibweza msanga. Pa anthu ochepa umalowa m'miphika yambiri ndi makadi apakatikati, ndiye ndalama imakwera ndi kutsika mwamphamvu kuposa pa tebulo lodzadza, ndipo munthu wokwiya sapirira zimenezo. Usiku wina magetsi atazima netiweki inadukanso ndili ndi Q-Q, nditaika kale madola 9 mumphika. Pamene inkabwerera nthawi yanga inali itatha, makadi atatayidwa okha. Ngati kwanu netiweki imavuta ngati kuno, dziwani kuti pa tebulo laling'ono nthawi yako yolankhula imafika pafupipafupi, ndipo kuduka kulikonse kumakupeza uli m'kati mwa mphika.

Ndalama yokagula masikirini ndi mabatire ku Limbe ndinaidya. Makasitomala ndinkawauza kuti katundu sanafike. Kumayambiriro kwa Disembala ndinatenga mbuzi ziwiri n'kupita nazo kumsika, mayi a kunyumba ndinawauza kuti ndikufuna kuonjezera mpamba. Patatha masabata awiri ndinagulitsa zina ziwiri. Khirisimasi isanafike ndinatenga katapila wa K100,000 wobweza K150,000 pakutha pa mwezi. M'masabata asanu ndi limodzi madola 280 anapita. Nditadzaphatikiza zonse, kuyambira Juni, pamodzi ndi chiwongoladzanja ndi mabando a intaneti amene ndinkagula usiku uliwonse, zinakwana pafupifupi K640,000.

Zinaululika mu Januwale 2024, teremu yachiwiri itatsala pang'ono kuyamba. Mwana wathu wamkulu anali Fomu 1. Madzulo ena tikudya nsima ya mapira ndi mlamba wouma, mayi a kunyumba anati, "Abambo, mbuzi zinayi zinapita kuti mukaonjezere katundu. Dzulo ndinadutsa pashopu, mashelefu ali mbee. Fizi ya mwana ili kuti?" Sanakweze mawu. Ndinayesa kutafuna koma nsima inakana kutsika. Ana atalowa m'nyumba ndinawapatsa foni, n'kuwaonetsa zonse. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye usiku wonse uja ndimati kutentha kukukulepheretsani tulo, mumagulitsa mbuzi zathu kwa anthu osawaona?" Ndinalibe choyankha. Fizi analipira ndi ngongole ya ku banki m'khonde, pa dzina lawo, pamaso pa amayi anzawo. Chimenechi chimandiwawabe kuposa madola onse aja.

Mu akaunti munatsala madola 38. Nditafuna kuwatulutsa, kampaniyo inandifunsa chiphaso cha unzika, chithunzi changa nditachigwira, ndi kalata yotsimikiza kumene ndimakhala. Kumudzi kuno bilu ya madzi ya dzina langa ndiitenga kuti? Anafunsanso chifukwa chimene ndalama zinkalowera kudzera mwa munthu wina. Zinatenga masiku 19 ndi makalata ambirimbiri, ndipo zimene zinafika m'manja mwanga zinali zitadulidwa. Poika ndalama sanandifunse kanthu. Ngati mwatsimikiza kusewera, tsimikizani akaunti yanu musanaikemo ngakhale tambala, ikani ndalama pa dzina lanu, ndipo yesani kutulutsa kandalama kochepa sabata yoyamba kuti muone ngati khomo lotulukira lilipo. Fufuzaninso ngati kampaniyo ili ndi chilolezo. Kuno kwathu za juga zimayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo kampani yakunja imene ilibe chilolezo chake ikakukanizani ndalama, mudzasowa kokadandaula. Wosakwana zaka 18 saloledwa n'komwe.

Ndinakhala miyezi itatu osasewera. Katapila ndinabweza pogulitsa njinga. Koma funso linkandivutabe, kuti ndalama ija inatulukira pati kwenikweni? Ndinali nditasunga mbiri ya magemu anga ambiri, ndiye masana kukakhala kopanda makasitomala ndinkakopera mu kope la hadikava, gemu ndi gemu, kulemba mpando umene ndinali, makadi, ndi zimene ndinapeza kapena kutaya. Zimene ndinaona zinandidabwitsa. Pa batani, ngakhale m'masabata amisala aja, ndinali nditapindula pang'ono. Pafupifupi dzenje lonse linali pa mipando iwiri ya blind ndi mpando woyamba kulankhula, pomwe ndinkalowa ndi makadi ofooka n'kumalipira mpaka river.

Ndiye kusintha koyenera pa tebulo laling'ono si kusewera makadi ambiri paliponse. Ndi kusewera makadi ambiri pamene anthu otsala kumbuyo kwako ali ochepa. Njira imene inandithandiza kumvetsa ndi iyi: tebulo la 6 ndi tebulo la 9 lomwe anthu atatu oyamba ataya kale makadi. Mpando woyamba pa 6 ukadali ndi anthu asanu kumbuyo, ndiye pamenepo ndimakhalabe wouma manja, ndimalowa ndi gemu imodzi pa zisanu ndi chimodzi kapena kuchepera: makadi awiri ofanana, A yokhala ndi khadi lalikulu, A yokhala ndi khadi la mtundu wake, K-Q, ndi zolumikizana za mtundu umodzi monga J-10. Ndikamayandikira batani ndimamasula pang'onopang'ono. Pa batani penipeni, ena onse atataya, ndimatha kukweza ndi makadi pafupifupi anayi pa khumi alionse, chifukwa kwatsala anthu awiri okha ndipo flop ikayalidwa onsewo adzalankhula ine ndisanalankhule.

Ndikakhala woyamba kulowa ndimakweza, sindingolipira blind n'kulowa mwakachetechete. Masamu ake ndi osavuta. Ukaika mablind aakulu awiri ndi theka kuti utenge imodzi ndi theka imene ili pansi, anthu akataya ka 5 pa maulendo 8 wabweza kale ndalama yako ngakhale makadi ako asagwire kanthu. Munthu wa 7-4 uja sanali wamisala. Anaona kuti ndimataya pafupifupi nthawi zonse, ndiye ankangotola. Mbali inayo ndi yomweyo: ukakhala pa blind yaikulu, wa pa batani n'kukweza kufika pa awiri ndi theka, wa blind yaing'ono n'kutaya, iwe ukufunika kuonjezera imodzi ndi theka kuti ulimbirane mphika wa asanu ndi theka. Ukamawina kupitirira pang'ono kamodzi pa kanayi, sunaluze. N'chifukwa chake blind yaikulu umaiteteza ndi makadi ochuluka ndithu. Koma blind yaing'ono ndi nkhani ina, ndiwo mpando woipitsitsa patebulo. Pamenepo masiku ano ndimakwezanso pamwamba pa wokwezayo kapena kutaya, kungolipira ndinasiya.

China chimene chinanditsegula maso n'chakuti munthu wokhala ndi makadi awiri osafanana amaphonya flop kawiri pa katatu. Ndinkaopa kuti aliyense wagwira kanthu, pomwe mukakhala awiri mumphika nthawi zambiri nonse mwaphonya. Ukakweza poyamba, mnzako mmodzi n'kulipira, flop n'kubwera youma ngati K-7-2 ya mitundu yosiyana, kubetcha pang'ono kumatenga mphika kawirikawiri. Ukabetcha theka la mphika, ukufunika kuti ataye kamodzi kokha pa katatu. Koma mukakhala atatu kapena anayi mumphika, kapena flop ili yolumikizana ngati 9-8-7, bodza limeneli ndimalisiya. Ndipo wina akandibetchera theka la mphika, ndimadzifunsa ngati ndingakhale patsogolo kamodzi pa kanayi. Kwa munthu wobetcha chisawawa, ngakhale makadi ofanana apakati amakwana kulipira. Kwa munthu wofatsa amene wadzidzimuka n'kuika zonse pa river, ngakhale K yanga ija ndimaitaya osadandaula.

Apa ndi pamene tebulo laling'ono lili ndi ubwino wake. Anthu ndi ochepa ndipo umakumana nawo gemu iliyonse, ndiye mphindi 20 zimakwana kuti uwadziwe. Ndimalemba m'kope mawu awiri atatu pa munthu aliyense: uyu amataya blind, uyu salola kutaya, uyu amakweza akaluza. Amene salola kutaya sindimunamiza, ndimangomulipiritsa ndikakhala ndi kanthu. Amene amataya ndimamutolera. Pa bawo timachita zomwezo, umayang'ana dzanja la mnzako kumene limakonda kuyambira. Iwonso akukuwerenga, ndiye ukakweza kanayi kotsatizana yembekezera kuti kachisanu wina akubwezera.

Pali zinthu ziwiri zimene palibe anandiuza. Choyamba, mwini tebulo amadula kagawo pa mphika umene wafika pa flop, amati rake, kawirikawiri pafupifupi 5 pa 100 mpaka malire ena ake. Pa tebulo laling'ono umalowa m'miphika yambiri, ndiye umalipira kagawoka pafupipafupi, ndipo pa matebulo a ndalama zochepa kamatha kudya phindu lonse la munthu wosewera bwino pang'ono. Anthu atatu ofanana nzeru akasewera usiku wonse, wopindula ndi mwini tebulo yekha. Chachiwiri, pa anthu atatu n'kosavuta kuti awiri agwirizane, akuuzana makadi pa foni ina. Sindinganene motsimikiza kuti zinandichitikira, koma usiku wina ndinaona awiri amene ankakwezerana ine ndikakhala pakati, ndikangotaya mmodzi n'kutayanso, ndipo okhaokha sankamenyana. Ndikaona zotere pano ndimanyamuka nthawi yomweyo.

Mu Meyi 2024 ndinakambirana ndi mayi a kunyumba. Anakana kaye, ndipo anali ndi chifukwa. Pomaliza tinagwirizana kuti ndiikemo madola 40 kamodzi kokha, kuchokera pa ntchito ina yapadera imene ndinagwira, ndipo akatha nkhani yatha. Nambala yachinsinsi ya foni imene imasunga ndalama za shopu ali nayo ndi iwo. Ndinabwerera pansi penipeni, pa senti imodzi ndi awiri, pomwe umakhala pansi ndi madola awiri. Madola 40 ndi zokhalira pansi 20, ndipo pa matebulo a 6 ngakhale zimenezi n'zochepa, 30 kapena 40 zikanakhala bwino. Ndimasewera tebulo limodzi, Lachiwiri ndi Loweruka, ola limodzi ndi theka. Ndikaluza zokhalira pansi ziwiri ndimatseka. Tebulo likatsala anthu atatu ndimatsekanso, osati chifukwa sindikudziwa kasinthidwe kake, koma chifukwa ndinadziona mmene ndimakhalira magemu akamathamanga. Munthu amene akuona kuti sangatseke pa nthawi imene anadziikira, nzeru zonse za mipando ndi masamu zimene ndalembazi sizimuthandiza, ndipo makampani ambiri ali ndi poti ukhoza kudziikira malire kapena kudzitsekera akaunti. Ine ndikanagwiritsa ntchito zimenezo mu Novembala, mbuzi zikanakhalapo.

Gemu imodzi ya mu Julayi inandionetsa kuti ndasintha. Tinali anayi, ine pa batani ndi Q-9 ya mtundu umodzi, makadi amene mu Okutobala ndikanataya ndipo mu Disembala ndikanafa nawo. Ndinakweza, wa blind yaikulu analipira. Flop inabwera Q-6-2. Anadutsitsa, ndinabetcha, analipira. M'kope ndinali nditalemba kuti munthuyu salola kutaya koma sakweza. Turn inabwera 4, ndinabetchanso, analipira. River inabwera 6. Mwadzidzidzi anabetcha ndalama yoposa mphika wonse. Ndinayang'ana m'kope, ndinayang'ana 6 yachiwiriyo, ndinataya. Sanandionetse makadi, ndipo mpaka lero sindikudziwa chimene anali nacho. Ndinagona tulo tabwino usiku umenewo.

Patatha miyezi isanu ndi itatu chibwererereni, madola 40 aja anali 67. Phindu la madola 27 pa maola oposa 90, lomwe silikufika ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene ndinataya, ndipo ndikachotsa mabando latsala lochepa kwambiri. Anyamata akandifunsa ngati poker ingawalipirire lendi ndimawaonetsa tsamba limeneli la m'kope, kenako tsamba la Disembala 2023.

Mbuzi ziwiri zimene zili m'khola pano ndinagula ndi ndalama ya masikirini ndi matchaja, imodzi ili ndi bere. Ngongole ya ku banki m'khonde tinamaliza. Njinga sindinagulebe, kupita kumunda ndimakwera kabaza kapena kuyenda wapansi m'mamawa dzuwa lisanakwiye. Kwa msuweni kwatsala K40,000 imene anandiikira masiku omaliza aja osadziwa kuti ndilibe pobweza, ndipo tinagwirizana kuti ndidzamaliza thonje likagulitsidwa.